Mbale ya Kumathero kwa Njanji

A Jessie anali atangoyala manachesi awo pa thumba, milu isanakwane n'komwe, pamene mlongo wawo Sosten anatulukira akukoka mapazi. Linali Lolemba m'mawa. Munthu woyenera kukhala pa ntchito yake ya ulonda kunjanji, eti waima pamsewu wa ku Lisungwi, chipewa chili m'manja, akungoyang'ana manachesi.

"Ukugula, kapena ukunditchingira makasitomala?"

"Achemwali, mbale yasowa."

"Mbale yanji? Ndine mkazi wako ine kuti ndizikusungira mbale?"

"Ya kunjanji."

Kwa inu amene simunafikeko, kumeneko kuli kanjanji kapambali kamene kamapatuka pa njanji yaikulu ya sitima za malasha. Amakankhirako mabogi ofunika kukonzedwa. Kumathero kwa kanjanjiko anamangako chotchinga: zitsulo ziwiri zopindikira m'mwamba, chipika chachikulu chopingasa, ndiye pakati pa chipikacho mbale yachitsulo yozungulira, yokula ngati lichero koma yolemera ngati thumba la simenti. Bogi ikabwera ikutsetsereka imagunda mbaleyo n'kuima. Popanda mbale chipika chikhoza kung'ambika, ndipo kuseri kwake ndi kanjira ka kumjigo kamene amayi amadutsa atasenza zidebe.

"Abwana abwera kudzayendera m'mawa uno," Sosten anatero. "Apeza mabowo anayi okha. Akuti abweranso 12 koloko ndi apolisi. Akuti chinthu chikasowa, mlonda ndi amene amadziwa kumene chapita."

"Ndiye iwe wawauza chiyani?"

"Ndati sindikudziwa."

"Basi?"

"Ndatinso pepani."

A Jessie anagwira kumutu. Pepani! Munthu wosaba n'kumapepesa! Chibadwire Sosten ndi choncho. Ali ndi ana atatu, ndevu zayamba kuyera, koma mawu amachita kuwakoka m'kamwa ngati chingwe cha pachitsime.

"Unaiona liti komaliza?"

"Loweruka m'mawa. Ndinayedzamitsapo njinga."

"Kenako?"

Sosten anayang'ana pansi. "Kenako kunali maliro a gogo Nasimango."

"Iwe! Unasiya ntchito n'kupita kumanda?"

"Ndine mdzukulu, achemwali. Amene sabwera kudzakumba anzake amamusunga m'mutu. Tsiku langa likadzafika adzandikumbira ndani? Ndinabwerako cha m'ma 3. Mnzanga wausiku akuti atafika madzulo anaona kuti palibe, koma ankayesa a kampani aitenga kukakonza."

"Nanga iwe dzulo lonse sunaone?"

"Ndinakhala pa mthunzi, moyang'ana kwina. Kunali mpira pa wailesi."

A Jessie anatsonya mpaka mayi wogulitsa tomato pafupi nawo anacheuka. Sosten sanawauze abwana za kumanda poopa kuchotsedwa ntchito. Ndiye abwanawo akudziwa kuti iye analipo tsiku lonse, mbale n'kuchoka iye ali pomwepo. Nanga wakuba angakhalenso ndani? Ntchito ikatha munthu amakalima. Koma kuchitokosi, Sosten amene amadwala chifuwa nyengo yozizira iliyonse? A Jessie anafunditsa manachesi chitenje, n'kuuza mayi wa tomato kuti aziwayang'anira. Foni inkati 9 koloko yadutsa.

"Tsogola," anatero. "Ndipo nyamula mapaziwo."

*

Pa chotchingapo zinalidi momwemo: chipika chofiira ndi choyera, pakati pali bwalo lotuwa, mabowo anayi ali yasa. Koma a Jessie anaona china. Pamwamba pa chipikacho panali manati anayi akuluakulu omangira mbale ija, atandandalikidwa bwinobwino pa mzere, ndi kapini kokhota pambali pake.

"Waika ndiwe izi?"

"Ayi. Ndazipeza choncho."

"Ndiye anthu akuti chiyani?"

"Akuti ndi anyamata ogulitsa zitsulo ku Zalewa."

"Zabodza. Aja amatola ndi misomali yomwe ya m'phulusa. Angasiye manati onenepa chonchi? N'kuwayalanso ngati makapu a alendo?"

Anazungulira kuseri kwa chipika. Pansi panali dothi lakuda losakanikirana ndi girisi, ndipo pamwamba pake panali pepala la nyuzipepala, loyalidwa mosamala, lili ndi timaenje tiwiri tozungulira.

"Mawondo awa," a Jessie anatero. "Munthu anagwada apa, koma anayamba wayala pepala. Wakuba wanji woopa kuda thalauza?"

"Mwina ndi mkazi wake amavuta pochapa."

"Sosten, ukakhala chete umandithandiza kwambiri."

Kuchokera pamenepo mzere umodzi wa tayala la wilibala unalowera ku kanjira ka kumjigo, wozama ndithu, koma patsogolo pang'ono mbuzi ndi mapazi a amayi zinali zitaufafaniza. A Jessie anaima manja m'chiuno. Mudzi wonse unali kumaliro Loweruka. Anatsala ndani? Maso awo anagwa pa kanyumba ka malata kutsidya kwa kanjirako, pamene matewera anali pa chingwe.

*

A Loveness anali ndi khanda la masabata awiri, ndiye kumaliro sakanapitako. Anawapeza pakhonde akuyamwitsa, maso ali psuu ndi tulo. Mayi ameneyu akayamba kuyankhula simupeza polowera.

"Eee anzanga a Jessie, mwabwera kudzaona mwana? Mwachita bwino, ena mpaka lero sanabwere, sinditchula maina koma akudzidziwa, amene ndinawaphikira pa chinkhoswe cha mwana wawo. Mwanayu sakugona. Usana osagona, ndiye dzulo wangoti tseke maso, belu la kutchalitchi cha kumtunda kuja kuyamba, ngooo, ngooo, mpaka malata kunjenjemera, ine zaka zisanu ndili pano sindinalimvepo, lero afuna atigonthetse..."

"Mayi a Takondwa, imani kaye. Loweruka munaona munthu ndi wilibala?"

"Wilibala? Ndinamuona. Dzuwa lili pamutu. Ndimachapa matewera kuseriku, madzinso ochita kupempha, bambo ake a mwanayu kutunga madzi akuti ndi ntchito ya..."

"Anali ndani?"

"Ndinangoona msana. Wavala jekete yakuda, wilibala waifunditsa makoko a nthochi. Ndinkayesa akupititsa nkhuni kusiwa."

"Wamtali? Wamfupi?"

"Munthu wowerama ndi wilibala mungadziwe? Ndipo tsiku la maliro mwamuna aliyense amavala jekete, ndi a Sosten omwe."

"Ine ndinavula pokumba," Sosten anatero.

"Sanakufunse iwe," a Jessie anamudula. Mutu unayamba kuwawawa. Jekete yakuda m'mudzi muno ili ndi aliyense, ena imodzi amabwerekana pachibale.

A Loveness anasintha bere, n'kutsitsa mawu ngati pali wina akumvetsera. "Komatu ine ndingokuuzani. Bambo ake a mwanayu anayesapo kupotokola manati amenewo ndi sipanala, kungofuna kuona, osati kuba, mundimvetse. Anakanika. Akuti pali kachinsinsi. Ndipo amene amadzitama kuti amakadziwa m'dera lonse lino ndi mmodzi yekha."

"Ndani?"

"A Gerishon."

*

A Gerishon anagwira ntchito ya sitima ku Limbe zaka zambirimbiri, yolumikiza ndi kulekanitsa mabogi, ndipo chibwerereni kumudzi sanasiye kuuza anthu zimenezo. Anthu akawaona pamsewu amakhotera kumunda. Pakhonde pawo pali chitseko chakale chimene anachigoneka pa njerwa, ndipo pamwamba pake anamangapo kanjanji kapambali kaja konse, kakang'ono. Njanji zake ndi nthiti za ambulera, mabogi ndi zitini za nsomba, miyala ndi mchenga wa mu Lisungwi wosefa ndi sefa ya akazi awo. Kumathero kuli kachotchinga kake, kofiira ndi koyera, kali ndi kambale kachitsulo kokula ngati chitsekerero cha botolo.

Atamva nkhaniyo anaimirira ndi ndodo yawo, miyendo ili yotupa.

"Ine? Ine kuba katundu wa njanji? Mwana iwe, ine ndinapatsidwa satifiketi! Loweruka anachita kundinyamula pa njinga kupita kumaliro, ndinakhala pafupi ndi kwaya mpaka bokosi kutsika. Kafunse aliyense."

"Sindikuti mwaba, agogo. Ndikufunsa kamasulidwe kake."

Kumeneko ndiye kunali kulakwa. Nkhope ya a Gerishon inawala, anakhala pansi n'kukoka kabogi kamodzi.

"Tiyambire poyambira. Sitima ikachoka kumalire..."

"Agogo, 11 koloko yakwana."

"Njanji sifuna phuma. Woyendetsa akafika apa amachepetsa liwiro. Mnzake amatsika, amatembenuza apa. Mu chaka chimene kunagwa mvula yoopsa ija, ine ndi mnzanga wina wa ku Balaka..."

A Jessie anatseka maso n'kupuma mozama. Mnzawo wa ku Balaka anakwatira, anabereka, anasamukira ku Nsanje, kabogi kasanayende ngakhale theka la chitseko. Sosten anali atanyonyomala, kukamwa kuli yasa, akumvetsera ngati amene akudikira apolisi ndi wina.

"Mbale, agogo! Mbale!"

"Tafikatu. Taona." Anatembenuza kachotchinga kaja. "Wosadziwa amalimbana ndi manati kutsogolo, angathyoke dzanja. Chinsinsi chili kuseri. Umagwada, umasolola kapini aka, ndiye manati amayenda okha ngati alowa mafuta. Ndinapanga chimodzimodzi, palibe chimene ndinasiya." Anasolola kapini kopangidwa ndi singano, kambale kanagwera m'dzanja lawo. Anakapachika pa ulusi n'kukagogoda ndi msomali. Kanalira, tiii, mawu oonda otalika. "Wamva? Chitsulo chabwino chimayankhula. Chenichenicho ukachimenya chimamveka mpaka ku Matope. Munthu aliyense wa njanji amachizindikira ndi khutu, ngakhale ali m'tulo."

A Jessie anatsegula maso. M'mutu mwawo munabwera malata a a Loveness akunjenjemera.

"Agogo, chinsinsichi munaonetsa ndani?"

"Ndimaonetsa aliyense, koma anthu a masiku ano alibe makutu. Mmodzi yekha ndiye munthu wa sukulu. A Ezekiele, mkulu wa mpingo wa kumtunda. Sabata yathayi abwera katatu. Mafunso anzeru okhaokha. Kulemera kwake, kukula kwa sipanala. Mpaka anagwada pamene waima iwepo kuti aone kuseri. Anayamba ayala mpango, munthu waukhondo."

Tchalitchi cha kumtundacho ndi chaching'ono, chimene chinapatuka ku mpingo wina zaka zapitazo, ndipo belu lawo linali limu ya galimoto yopachika pa mtengo wa mango. Mwezi watha limuyo inang'aluka. Inkangoti phwa, phwa, ngati munthu akumenya chidebe chobooka, ndipo amayi a mpingo winawo ankaseka kumjigo kuti akumtunda ayamba kuitana nkhuku.

"Koma a Ezekiele anali kumaliro," a Jessie anatero. "Ndinawamva ndekha akupemphera kusiwa m'mawa."

"Kusiwa analipo," Sosten anatero pang'onopang'ono. "Kumanda sanafike. Pemphero la pamanda anayenera kuchita iwowo, ndiye tinadikira, zingwe zili m'manja. Kenako kunabwera uthenga kuti atsegula m'mimba. Anapemphera wina."

A Jessie anatembenukira mlongo wawo.

"Ndiye chiyambire m'mawa, tikuzungulira mudzi wonse, iwe ukudziwa munthu amene anasowa kumanda?"

"Simunandifunse, achemwali."

A Gerishon anachita kugwira dzanja la a Jessie, poti linali litatola kale kabogi kuti aponye.

*

A Jessie anamutuma Sosten kubwerera kunjanji. Abwana akanapanda kumupeza 12 koloko akanati wathawa. A Jessie anakwera okha chitunda, akupuma wefuwefu, patapata mmodzi atadula lamba.

Patchalitchi panalibe munthu. Pa nthambi yaikulu ya mango panalendewera tcheni chatsopano, ndipo kumapeto kwake chinthu chozungulira chopakidwa penti yabuluu, yosauma bwino. Limu yakale inali itatayidwa mu udzu. A Jessie anayandikira. Mabowo anayi. Tcheni chinadutsa pa limodzi, atatu enawo ali yasa. Kuseri, kumene wopenta anachita ulesi, kunkaoneka kufiira ndi manambala odinda.

Anayesa kuinyamula mbaleyo. Ndi kusuntha komwe ayi. Anatulutsa foni kuti aimbire Sosten, ndipo foni ya Sosteniyo inalira kawiri pamfundo ya chitenje chawo chomwe. Anali atamulanda foniyo ali kwa a Gerishon poti iye ankafuna kumvera wailesi. A Jessie anadzitukwana okha.

Ali pomwepo anaona kumunsi fumbi. Galimoto yoyera ya bokosi inaima pa kanjanji kaja. Anatsika anthu awiri, wina wa chipewa cholimba chachikasu, wina wa yunifolomu ya polisi. Anayankhula ndi Sosten pang'ono chabe. Kenako Sosten, mwini wake, osakankhidwa n'komwe, anakwera kumbuyo kwa galimoto n'kukhala pansi, chipewa pa mawondo.

Kuthamanga sakanafika. Kukuwa sakanamveka.

Patsinde pa mango panali chitsulo chomenyera, chidutswa cha ekiselo ya ngolo, cholemera ngati musi wonyowa. A Jessie anachikweza ndi manja awiri n'kumenya ndi mkwiyo wonse wa m'mawa umenewo.

Ngooo!

Mano anachita kuwawa. Mbalame zinabalalika mu mtengo. Ankafuna kumenya mofulumira, koma chitsulocho chinkawakokera pansi, ndiye ankayamba apuma, n'kuchikwezanso. Ngooo! Kupuma. Ngooo!

Galimoto inali itayamba kuyenda. Inaima. Wa chipewa chachikasu anatulutsa mutu pa windo, n'kutsika, n'kuima pamsewu atapendeketsa khutu. Kenako galimotoyo inakhota, n'kuyamba kukwera chitunda.

Chimene a Jessie anaiwala ndi chakuti kuno belu likamalira motalikirana choncho, pakati pa sabata, tanthauzo lake ndi limodzi. M'minda anthu anasiya makasu ali chiimire. Amayi anatuluka m'nyumba akumanga mipango kumutu, ena atayamba kale kusisima asanadziwe kuti akulira ndani. Adzukulu anatulukira ndi mapiki, mafosholo ndi zingwe zawo, akudandaula kuti manja sanapole chikumbireni Loweruka.

Koma woyamba kufika anali a Ezekiele, akuthamanga, malaya oyera atapisira bwino, thalauza losita lili ndi mzere wakuthwa.

"Mayi inu! Mwapenga? Wakupatsani chilolezo ndani? Simuli wa mpingo uno inu! Siyani, muchotsa penti!"

"M'mimba mwaleka, abambo?" a Jessie anafunsa, n'kumenyanso kamodzi.

Galimoto inaima pansi pa mango. Abwana a kunjanji sanapereke ndi moni yemwe. Anapita molunjika, anatembenuza mbaleyo, anapala penti ndi kiyi, n'kuwerenga manambala. Anayang'ana wapolisi n'kugwedeza mutu.

"Belu limeneli munalipeza kuti, bambo?" wapolisi anafunsa.

"Ndi mphatso," a Ezekiele anatero. "Yochokera kwa... kwa wokhulupirira wina."

"Dzina lake?"

"Sanafune kudziwika."

"Wokhulupirira wa jekete yakuda," a Jessie anatero, akupuma movutika. "Amene anapita katatu kwa a Gerishon kukaphunzira za kapini. Amene anasiya gogo Nasimango akudikira pemphero pamanda, iye ali chogwada pa nyuzipepala kuopa girisi. Adzukulu ndi awa, afunseni ngati anamuona."

"Sitinawaone," mkulu wa adzukulu anayankha. "Tinaima ndi bokosi mpaka mapewa kuuma."

Anthu anayamba kung'ung'udza. A Ezekiele anayang'ana uku ndi uku, n'kukweza chala.

"Abale, tisagwiritse mawu oti kuba. Chinthuchi kumene chija chimangokhala. Bogi imabwera kamodzi pa mwezi, mwinanso osabwera. Kuno chikugwira ntchito sabata iliyonse, anthu dzulo anadzaza mpaka panja. Ndipo sindinawononge kanthu. Manati onse anayi ndinawasiya pamwamba, pa mzere, kuti eni ake asavutike."

Kenako mayi wina kumbuyo, amene misozi inali kale m'masaya, anaphulika kuseka.

"Bogi ikanabwera dzulo, ikanaima ndi manati anuwo?" abwana anafunsa. "Kuseri kuja kumadutsa anthu!"

Wapolisi anapita kumbuyo kwa galimoto. "Tsikani, bambo," anauza Sosten. Kenako anacheukira a Ezekiele. "Inu kwerani."

A Ezekiele anayang'ana pansi pa bokosi la galimotoyo, pamene panali fumbi la malasha, n'kuyamba kufufuza m'matumba.

"Kwerani choncho!"

Abwana anamuloza Sosten ndi kiyi. "Iwe, za kumene unali Loweruka tikakambirana ku ofesi mawa. Usaganize kuti zatha."

A Jessie sanadandaule nazo. Ku ofesi munthu amapita ndi miyendo yake, madzulo n'kubwera kudzagona kwawo. Anaponya pansi chitsulo chija n'kukhala pa muzu wa mango.

Gogo wina wosamva bwino anawakoka chitenje. "Ndiye wamwalira ndani, mwanawe?"

"Palibe, agogo."

"Ndiye tabwereranji?"

Abwana anali akuzungulira mtengo, akufunsa kuti chinthu cholemera chonchi achitsitsa bwanji osathyola munthu phazi. Adzukulu anayang'anana. Zingwe anali nazo kale, ndipo kubwerera nazo zosagwira ntchito kunawachititsa manyazi. Awiri anakwera mu mtengo, anakoloweka zingwe m'mabowo, anayi anagwira pansi, awiri mbali iyi, awiri mbali iyo. Sosten, munthu woti wangotuluka kumene m'manja mwa apolisi, anapatsira mlongo wake chipewa, anavula nsapato, n'kukatenga malo ake a masiku onse kutsogolo.

Mbale inayamba kutsika. Amayi, poona zingwe zikuyenda m'manja mwa adzukulu, pakamwa panangoyamba pokha nyimbo yotsitsira maliro, chapansipansi.

"Pang'onopang'ono," Sosten anatero, mawu ake ali omveka bwino koyamba tsiku limenelo. "Akumiyendo dikirani. Titsogoze kumutu."